Achimwene, rack ija musagule kaye

Achimwene ndawerenga zomwe mwalemba zija, kuti galimoto yanu ya Toyota Axio mukangokhudza chiwongolero pang'ono basi yathawira mbali, ndipo pa M1 popita ku Lilongwe mukadutsa liwiro la 80 km pa ola imangoyendayenda mumsewu mpaka manja kutopa, ndiye makaniko akuti mugule rack ina, chitsulo chija chokhotetsa matayala akutsogolo mukapotoza chiwongolero. Chonde dikirani kaye. Rack imatha ndithu koma pa zonse zomwe zimayambitsa vutoli ndiyo yodula kwambiri, ndiye tiziiganizira pomaliza.

Yanga inandichitapo zomwezi chaka chatha, ndinkachoka pa boma la Kasungu kukafika pa Chinkhoma mapewa atauma kale, ana ali kumbuyo ine mtima uli m'mwamba nthawi zonse lole ikamabwera kutsogolo. Galaja ina anandichitira alayimenti (kuwongola matayala kuti aloze moyenera) kawiri, ndalama zinapita koma osasintha kanthu, chifukwa palibe amene anagwada kuona pansi.

Yambani ndi mpweya wa m'matayala, izi sizifuna ndalama. Tsegulani chitseko cha dalaivala, pa chipilala pali kasitika kolembedwa mpweya woyenera ndi sayizi ya matayala, magalimoto a ku Japan amenewa amalemba mu kPa ndipo nthawi zambiri zimakhala cha m'ma 230, ndiye kuti 33 pa geji ya psi. Anyamata opopa m'mbali mwa msewu ambiri amangopopa mpaka tayala liume gwa, ena mpaka 45, kuganiza kuti akukuthandizani. Tayala lotere limagunda pansi ndi pakati pokha, galimoto imapepuka m'manja nkumadumphadumpha. Pimani m'mawa matayala asanatenthe, onse anayi.

Mukadali pomwepo werengani zolembedwa m'mbali mwa tayala lililonse. Kutsogolo kukhale awiri ofanana, sayizi imodzi mtundu umodzi, osati lina latsopano lina lakaunjika. Ndipo ichi anthu ambiri sachidziwa, magalimoto ena amabwera ndi matayala a chisanu, olembedwa studless, labala yake ndi yofewa chifukwa anapangira ayezi wa kwawoko, ndiye pa phula lathu lotentha la mu Okutobala amangopindikapindika galimoto nkumakhala ngati ikusambira. Yanga awiri akumbuyo anali amenewa. Onaninso manambala anayi a tsiku lopangidwa, mwachitsanzo 2319 ndiye kuti sabata ya 23 chaka cha 2019, tayala lokalamba limauma ngakhale mapanga ake akuoneka bwino.

Funso lina, mu buti mumakhala chani? Nyengo yokolola ino tonse timachita, matumba atatu a chimanga a 50 kg ndi 150 kg kale imeneyo, kuonjezera anthu atatu mpando wakumbuyo, galimoto imakhala pansi kumbuyo mphuno nkudzuka, matayala akutsogolo sagwiranso msewu bwinobwino. Tsitsani zonse muyende opanda katundu mumve ngati pali kusiyana. Ngati ma shock akumbuyo atopa ndiye zimanyanya, kanikizani buti ndi manja nkusiya, ikamangovinavina osaima msanga ndiye atha amenewo.

Tsopano apa ndi pomwe ndikuganiza kuti pali vuto lanu lenileni, makamaka ngati mumayenda misewu yafumbi yopita kumudzi kapena munagwerapo mu dzenje pa liwiro. Pitani kwa makaniko muime pomwepo, aikweze pa jeke, agwire tayala kumanja ndi kumanzere aligwedeze. Likamachita kwete kwete ndiye tie rod end kapena rack end (timfundo tolumikiza rack ndi tayala) yatha, zimenezi zimasinthidwa pazokha osagula rack yonse. Kenako agwire pamwamba ndi pansi, likasewera ndi ball joint (mfundo ya pansi yogwira tayala) kapena bearing (pomwe tayala limazungulirapo). Atengenso chitsulo akankhe control arm (mkono wachitsulo wolumikiza tayala ku thupi la galimoto) muone mabushi ake alabala ngati ang'ambika. Kwa ine anali rack end yakumanzere ndi bushi imodzi, kusewera kwake kochepa zedi koma pa 90 tayala limadzisankhira lokha kolowera. Ndipo ball joint musamasewere nayo achimwene, ikazuka tayala limagona pansi muli pa liwiro. Mukapeza chosewera chilichonse galimoto isapite ulendo wautali mpaka mukonze, ndipo sinthani mbali zonse ziwiri ngati thumba likulola.

Alayimenti ibwere izi zikatha, osati poyamba. Kuchita alayimenti pa zitsulo zosewera nkutaya ndalama, mukangotuluka pa geti zasokonekeranso. Funani malo a makina a kompyuta, ngakhale mupite ku Lilongwe, ndipo akupatseni pepala la manambala. Muyang'ane toe yakutsogolo, ndiye kuti komwe matayala akuloza, matayala akamayang'ana kunja ndi pomwe chiwongolero chimapupuluma chonchi. Caster, kupendekera kutsogolo kapena kumbuyo kwa mzere womwe tayala limakhoterapo, pa magalimoto amenewa simasinthidwa ndi sipanala, ikakhala yosiyana mbali ziwirizi ndiye pali chopindika, mwina control arm. Axio chiwongolero chake ndi chamagetsi, musavutike kusaka pothira mafuta ake, koma akamaliza alayimenti muwauze alumikize kompyuta aike ziro ya chiwongolero, kuti galimoto idziwe pomwe chili pakati.

Poyesa sankhani pamene msewu uli woongoka komanso wosalala, tsiku lopanda mphepo yambiri. Kutsetserekera kumanzere pang'onopang'ono sivuto, msewu anaupanga mopendekera kuti madzi azitsika. Koma ngati mwachita zonsezi, injini ikulira galimoto itaima mukugwedeza chiwongolero ndipo chikuyenda kaye matayala osasuntha, kapena mukumva gudu gudu pansi pa mapazi, pamenepo ndiye tikambe za rack. Jambulani kasitika ka pa chitseko ndi m'mbali mwa matayala onse anayi mutumize muno madzulo ano, tiyambire pamenepo.