Tsiku limodzi kwa wosula: ndilipire kapena ndiphunzire ndekha?

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina wa kwathu amene akugwira ntchito ku Leeds. Akuti agogo ake aamuna ankasula makasu ndi nkhwangwa ku Kasungu, koma anamwalira iye akadali wamng'ono, ndiye tsopano mtima ukumukokera ku ntchito yomweyo. Waona kuti kuno ku Britain kuli osula amene amalandira ophunzira kwa tsiku limodzi kapena awiri, kungoti mtengo wake si wamasewera. Akufunsa ngati n'koyenera kulipira, kapena angoonera mavidiyo pa YouTube n'kudzigulira zipangizo. Chimene akufuna kuyamba kusula ndi mpeni.

Achimwene, lipirani tsikulo. Koma mpeniwo ubadikire kaye.

Ntchito yonse ya kusula yagona pa kudziwa moto, ndipo moto sauphunzira pa foni. Chitsulo chikamatentha chimasintha maonekedwe: chimayamba kufiira mwakuda, kenako kufiira kwenikweni, n'kufika ngati lalanje lakupsa, kenako chikasu. Chimamvera nyundo bwino chikafika pakati pa madigiri 900 ndi 1,200. Kamera imanamiza maonekedwe amenewa, imawalitsa zinthu kuposa mmene diso limaonera. N'chifukwa chakenso osula amakonda kugwirira ntchito pamthunzi, chifukwa padzuwa chitsulo chotentha chimaoneka ngati chazizira. Pamafunika munthu woima pambali panu, wonena kuti "chotsani tsopano" kapena "bwezerani pamoto", mpaka diso lanu litazolowera.

Tsiku langa loyamba ndimalikumbukira bwinobwino. Mphunzitsi anatipatsa kamtengo ka chitsulo ka ngodya zinayi, kunenepa kwake mamilimita 10, n'kutiuza kuti tisongole nsonga basi. Ukachotsa pamoto uli ndi kanthawi kochepa zedi, ukangotembenuka kufunafuna nyundo chitsulo chada kale. Umamenya, kutembenuza, kumenya, kutembenuza, timakoko takuda tikuyoyoka pa anvil, chitsulo chachikulu chosulirapo. Nsonga yozungulira sumayamba ndi kuzunguliza: umasongola kaye ili ndi ngodya zinayi, kenako kuphwanya ngodyazo zikhale zisanu ndi zitatu, pomaliza ndiye kuzunguliza. Mkono utayamba kuwawa, mphunzitsi uja anabwera n'kundigwira dzanja. Anachotsa chala changa chachikulu pamwamba pa mpini wa nyundo, n'kundionetsa kuti ndigwire momasuka kuti nyundo ikagunda izidzuka yokha. Kupweteka kwa pachigongono kunachepa nthawi yomweyo. Vidiyo singaone kagwiridwe kanu.

Madzulo ndinatuluka ndi ngowe ziwiri zopachikira zovala komanso matuza m'manja. Imodzi ndinaiwotcha nsonga nditaisiya nthawi yaitali pa malasha. Inayamba kuthetheka ngati nyenyezi, ndipo pamene pathetheka chitsulo chatha ntchito, kwatsala n'kudula.

Tsono za mpeni. Pa maphunziro a oyamba kumene amagwiritsa ntchito chitsulo chofewa, chokhala ndi kaboni wochepa kwambiri, ndipo chimenecho ngakhale muchiviike m'madzi chili psuu sichilimba mokwanira kusunga kuthwa. Mpeni umafuna chitsulo cha kaboni wambiri. Osula akwathu amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake amasakasaka masipuling'i a galimoto zakale, omwe ambiri amakhala ndi kaboni pafupifupi 0.6 peresenti. Mukasula, mumatenthetsa mpeniwo mpaka maginito atasiya kugwira, zimene zimachitika cha pa madigiri 770, kupitirirako pang'ono, n'kuuviika mu oyilo. Pamenepo walimba koma ndi wosachedwa kusweka ngati galasi. Ndiye mumaufunditsanso pang'onopang'ono cha pa madigiri 200, mpaka chitsulo chopalidwa chitaoneka ngati udzu wouma. Mukapitiriza mpaka kubiriwira ngati thambo, wafewa kwambiri. Pamwamba pa zonsezi, nthawi yambiri yopanga mpeni imathera pa tupa ndi pa makina onolera, osati pamoto. Maphunziro a mpeni alipo ndithu, ndipo mutha kubwerako ndi mpeni wokongola, koma nthawi zambiri mbali zovutazo amakhala atakugwirirani ndi mphunzitsi. Ine ndingakonde mubwereko ndi ngowe yokhota koma manja ataphunzira kusongola, kupinda ndi kupotokola.

Musanalipire, imbani foni mufunse kuti anthu angati amagawana anvil imodzi ndi moto umodzi. Akapitirira awiri, tsiku lanu lithera pa kudikira. Funsaninso kuti maola angati mudzakhale mukumenya chitsulo nokha. Mukadzaona kuti ntchitoyi yakulowani m'magazi, pali bungwe la British Artist Blacksmiths Association, lomwe linayamba mu 1978 ndipo limakonza misonkhano imene osula amasulira pamodzi. Ku Hereford College of Arts kuli digiri yathunthu ya kusula. Koma zimenezo n'zapatsogolo.

Pa zovala musanyalanyaze. Valani za thonje, chifukwa nayiloni akapsa amasungunuka n'kumatirira pakhungu. Nsapato zikhale zachikopa zotseka phazi lonse, magalasi oteteza maso asachoke kumaso. Chimene chimawotcha anthu ambiri si chitsulo chofiira, chimenecho aliyense amachiopa. Ndi chakuda, chooneka chozizira koma chikadali pa madigiri 400. Chilichonse chimene chili pansi kapena pa benchi muzichitenga ndi mbaniro mpaka mutatsimikiza. Ndipo mukadzayamba kusula panokha, musadzaike pamoto chitsulo chokutidwa ndi zinki, monga malata kapena mapaipi oyera a madzi aja. Utsi wake umadwalitsa, munthu amamva kuzizira ndi kuphwanya m'thupi ngati malungo.

Mbali ya imelo yanu imene yandikhudza kwambiri ndi ya agogo. Kasungu ndi dera la chitsulo kuyambira kalekale, ndipo mu Kasungu National Park mukadali zotsalira za ng'anjo zimene makolo ankasungunuliramo miyala ya chitsulo. Mukadzapita kumudzi, musadzathe tchuthi osafufuza wosula amene akugwirabe ntchito. M'misika mumapezeka nkhwangwa, akasemasema ndi mipeni yosula pamanja, ndipo wogulitsa angakulozereni kumene zimachokera. Mukapeza mwina akusulira pa chidutswa cha njanji, moto wa makala, mphepo ikuchokera mu mvukuto wa chikopa cha mbuzi kapena pa fani yoyendetsedwa ndi gudumu la njinga. Mupite ndi kangachepe m'manja, mupereke moni mwaulemu, munene kuti ndinu mdzukulu wa yani, kenako mupemphe kuvukuta. Pa mvukuto m'pamene ana a osula amayambira, maso ali pamoto tsiku lonse. Tsiku limodzi la ku Britain lidzakuthandizani kumvetsa chimene mdalayo akuchita pamene akuboola kapena kupinda, ngakhale asakufotokozereni.

Mufunsenso azakhali kapena amalume ngati nyundo kapena mbaniro za agogo zikadalipo penapake m'nyumba. Dzimbiri lisakudetseni nkhawa. Limachoka ndi bulashi ya waya ndi oyilo pang'ono, ndipo mpini watsopano angakusemereni konko kumudzi.