Funsani za Ziweto: Kagalu Katsopano Pakhomo

Makalata anayi a mwezi uno achokera kwa anthu amene akuweta galu koyamba kuno ku Harare. Tawafupikitsa, koma mafunso ake tawasiya momwe analili.

Akonzi, mlamu wanga wandipatsa kagalu ka masabata 9. Timakhala nyumba ya lendi ndipo bwalo timagawana ndi mabanja ena awiri. Kagaluka kakungokodza paliponse, pansi pa tebulo, pamkeka, pakhonde. Bambo a kunyumba akuti ndizikakanikiza mphuno pa mkodzowo n'kukakwapula. Ndachita zimenezo sabata yathunthu, koma tsopano kakumakachitira kuseri kwa sofa. Eni nyumba ayamba kudandaula za fungo. Ndithandizeni. (Mayi wa ku Mufakose)

Mayi, yambani ndi kuika mkwapulo pansi. Kuthawira kuseri kwa sofako kukusonyeza kuti kaphunzira ndithu, kungoti kaphunzira zina: kaona kuti kukodza inu mukuyang'ana kumabweretsa ndodo, ndiye kakufuna pobisika. Galu amagwirizanitsa chilango kapena mphoto ndi chimene akuchita nthawi yomweyo. Mukapeza chithaphwi patapita mphindi 10 n'kukakokera pamenepo, iko sikadziwa mlandu wake, kamangoyamba kuopa dzanja lanu. Choipa china n'chakuti tsiku limene mudzakatulutse panja kadzakana kukodza inu muli chiimire pafupi.

Kagalu ka miyezi 2 chikhodzodzo chake n'chaching'ono, ndipo minofu yogwira mkodzo sinakhwime. Kawerengedwe kosavuta n'kotere: tengani miyezi ya kagalu, onjezerani 1, ndiwo maola amene kangapirire kali phee. Kanuko ndiye kuti maola 3 basi, ndipo kakamasewera sikafika n'komwe, nthawi zina theka la ola lokha. Ambiri amayamba kudzigwira bwino pa miyezi 4 mpaka 6. Choncho ntchito yanu masabata akubwerawa ndi kukafikitsa pamalo oyenera nthawi isanakwane.

Sankhani malo amodzi pabwalo, a dothi kapena udzu, kutali ndi mpopi, pophikira ndi posewerera ana. Gwirizanani ndi anzanu apabwalopo musanayambe, kuti pasadzabuke mkangano. Katulutseni kakangodzuka m'mawa, kakadzuka tulo ta masana, kakatha kudya kapena kumwa madzi, kakatha kusewera, komanso musanagone. Kupatula nthawi zimenezi, masana muzikatulutsa pa ola lililonse kapena maola 2 alionse. Masiku oyamba kanyamuleni m'manja, chifukwa mukakayendetsa kadzanjuta pakhomo musanafike. Mukafika imani chete, kali pa chingwe, musakaseweretse. Kakayamba kudzithandiza nenani liwu limodzi, monga "chita", motsitsa mawu. M'nyumba zambiri kuno agogo amalankhula Chichewa, ana Chishona, wina Chingerezi. Galu alibe nazo kanthu za chinenero, koma banja lonse ligwirizane liwu limodzi. Kakangomaliza kayamikireni ndi kukapatsa kachidutswa ka nkhuku yowiritsa, kofanana ndi njere ya chimanga, pomwepo. Mukadikira kuti mukakapatsire m'nyumba, kadziwa kuti mphotoyo ndi ya kulowa m'nyumba. Mphindi 5 zikatha osachita kanthu, kabwezereni m'bokosi lake logonamo, muyesenso pakatha mphindi 15. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: amakamasula m'nyumba poganiza kuti kalibe mkodzo, iko n'kuthira pakapeti.

M'nyumba kasamayende kokha. Kakhale pamene maso anu ali, kapena m'bokosi. Bokosilo, la matabwa kapena la waya, likhale loti kangaimirire, kutembenuka ndi kugona motambasuka, osaposa apo. Galu sakonda kuipitsa pogona pake, koma bokosi likakula amasandutsa ngodya imodzi chimbudzi. Bokosi si ndende yokasungamo tsiku lonse. Mukakasiyamo kupitirira maola amene tawerengera aja, kadzakakamizika kugona pa mkodzo wake n'kuzolowera uve. Ngati mumapita kumsika kapena kuntchito tsiku lonse, pakhale wina wokatulutsa.

Mukaona kakununkhiza pansi, kakuzungulirazungulira, kapena kasiya masewera mwadzidzidzi, kanyamuleni msanga. Mukakapeza kayamba kale, ombani m'manja kamodzi, kanyamuleni kakamalizire panja, ndipo kumeneko mukayamikire ngati palibe chinalakwika. Usiku chakudya chomaliza chikhale maola 3 musanagone. Katulutseni cha m'ma 10 koloko, kenaka kamodzi pakati pa usiku, ndiponso m'bandakucha. Kudzuka kwa usikuku n'kotopetsa, koma kumatha pakapita masabata ochepa.

Za fungo tsopano. Pamene mphuno yanu ikuti payera, ya galu imamvapobe mkodzo, ndipo fungolo limamuitana kuti abwereze pomwepo. Yambani ndi kuphaphitsa mkodzo ndi sanza, kenaka tsukani ndi viniga wosakaniza ndi madzi muyeso wofanana, pakauma muwazepo soda. Simenti yopanda polishi imamwa mkodzo, ndiye pamafunika kubwereza kawiri kapena katatu. Mkeka uchapeni n'kuuyanika padzuwa. Mankhwala okolopera okhala ndi amoniya apeweni, chifukwa kwa galu amanunkha ngati mkodzo. Jik musamamuthire pa mkodzo wosapukuta, ndipo musamusakanize ndi viniga: mpweya wotuluka pamenepo ndi woopsa ku mapapo.

Ndowe zake wolani tsiku lililonse. Muli mazira a njoka za m'mimba, ndipo ana a pabwalo amayenda opanda nsapato. Nyengo ya dzinja, kuyambira Novembala mpaka Malichi, ntchentche ya mphutsi imaikira mazira pa dothi la pamthunzi lokhala ndi mkodzo kapena ndowe, ndipo timphutsi timalowa m'khungu la kagalu kakagona pamenepo. Pogona pake pakhale patali ndi chimbudzi chake. Ngati kakukodza timadontho pafupipafupi, kakulira pokodza, kapena mkodzo uli ndi magazi, amenewo ndi matenda; pitani nako kwa dotolo wa ziweto.

Akonzi, ndinagula kagalu m'mbali mwa msewu, wogulitsa anati kali ndi masabata 6. Ndimakatsekera m'khitchini yapanja ndipo kamalira usiku wonse, anansi sakugona. Ndikukapatsa mkaka wa ng'ombe koma kakutsegula m'mimba. (Bambo wa ku Epworth)

Bambo, kanachotsedwa kwa mayi ake msanga. Nthawi yoyenera ndi masabata 8. Kakulira chifukwa kazolowera kugona mounjikana ndi tinzake, ndipo usiku wa Juni ndi Julayi ku Harare kumazizira koti kagalu kamsinkhu umenewu sikangathe kudzifunditsa kokha. Ikani bokosi lake pafupi ndi pogona panu kwa sabata imodzi kapena ziwiri, muyalemo bulangete lakale, muikemo botolo la madzi ofunda lokulunga m'nsalu. Pambuyo pake muzilisuntha pang'onopang'ono kupita kumene mukufuna kazigona. Kakalira usiku katulutseni kakadzithandize, osakalankhulitsa, osakaseweretsa, n'kukabwezera.

Mkaka wa ng'ombe siyani. Tiagalu tambiri sitigaya bwino shuga wa mumkakawo, n'chifukwa chake m'mimba mumatseguka. Kapatseni chakudya cha tiagalu cha m'sitolo chonyika m'madzi ofunda mpaka chifewe ngati phala, kanayi pa tsiku, ndi madzi akumwa oyera.

Koma kutsegula m'mimbako musakutenge mopepuka. Tiagalu ta m'mbali mwa msewu kawirikawiri timakhala topanda katemera, ndipo matenda amene amapha tiagalu tambiri ndi parvo. Zizindikiro zake ndi kufooka, kukana chakudya, kusanza, ndi kutsegula m'mimba kwa magazi konunkha kwambiri. Mukaona zimenezi musadikire mawa, chifukwa kagalu kamatha madzi m'thupi msanga. Kachilombo kake kamakhala m'dothi miyezi yambiri, mwina chaka, ndipo kamabwera pakhomo ngakhale pa nsapato zanu. Pa simenti ndi m'mbale kamafa ndi Jik, kapu imodzi m'makapu 30 a madzi, kusiya mphindi 10 musanatsukuluze. Dothi ndiye silitsukika.

Katemera woyamba, amene madotolo amamutchula kuti 5-in-1 ndipo amateteza ku parvo ndi matenda ena, amaperekedwa pa masabata 6 mpaka 8, n'kumabwerezedwa masabata 3 kapena 4 alionse kufikira kagalu katakwana masabata 16. Jekeseni mmodzi sakwanira, chifukwa chitetezo chimene kanayamwa kwa mayi ake chimatha kufooketsa katemera woyambayo. Wa chiwewe ndi pa miyezi 3, ndipo ameneyu ndi lamulo muno mu Zimbabwe. Tsiku lobwereza adzakulemberani pa khadi, khadilo musunge bwino chifukwa khonsolo ya mzinda imafunanso kuti galu akhale ndi laisensi. Kufikira sabata imodzi kapena ziwiri pambuyo pa katemera womaliza, kasaponde m'misewu kapena pamene agalu osadziwika amayenda. Mankhwala a njoka za m'mimba ndi masabata 2 alionse mpaka masabata 12, kenaka mwezi ndi mwezi mpaka miyezi 6, pambuyo pake miyezi 3 iliyonse. Muyeso wake umatengera kulemera: kwerani pa sikelo mutakanyamula, kweraninso nokha, chotserani. Kupatula madotolo oima paokha, thandizo limapezeka ku SPCA ya Harare, bungwe loteteza nyama ku nkhanza, ndi ku chipatala cha ziweto cha University of Zimbabwe ku Mount Pleasant.

Akonzi, ine ndikufuna galu wolusa wolondera pakhomo. Anzanga akuti ndizimuthirira tsabola kapena chamba mu nsima, ndimumange pa tcheni, asamaone anthu. Ali ndi miyezi 3 ndipo amadya mkute ndi msuzi. (Mnyamata wa ku Highfield)

Achimwene, anzanuwo akukusokeretsani. Tsabola amangotentha m'mimba, chamba ndi poizoni kwa galu: amadzandira, amakodzedwa, ena amakomoka. Galu wokulira pa tcheni osaona anthu amasanduka wamantha, ndipo galu wamantha amaluma aliyense womuyandikira. Nthawi zambiri woyamba kulumidwa amakhala mwana wa pakhomo pomwepo kapena wa anansi, mlandu n'kukhala wanu. Mlonda weniweni ndi amene amadziwa apakhomo, alendo ololedwa ndi phokoso la tsiku ndi tsiku, kotero akauwa usiku mumadziwa kuti kunja kuli kanthu. Paja galu wamkota sakandira pachabe. Kulondera kumabwera kokha galu akamakhwima, sikufuna mankhwala.

Nthawi imene kagalu kamazolowera zinthu mosavuta imatha cha pa masabata 14, ndiye inu mwatsala ndi masiku ochepa. Popeza katemera sanathe, kanyamuleni m'manja mukaime nako pachipata, kaone ma kombi, njinga, ana a sukulu, anthu a zipewa ndi a maambulera. Alendo akabwera azikagwira mofatsa. Muzikagwiranso makutu, mapazi ndi kukamwa, kuti dotolo asadzavutike.

Mkute ndi msuzi zimadzaza mimba koma sizimanga thupi. Galu amene akukula amafuna nyama, mazira kapena nsomba, komanso kashiamu wa mafupa; n'chifukwa chake tiagalu toleredwa ndi nsima yokha timakula ndi miyendo yopindika ndi ubweya wothothoka. Nyama yokhayokha nayonso ilibe kashiamu wokwanira. Chodalirika ndi chakudya cha m'thumba cholembedwa kuti ndi cha tiagalu, muyeso wake uli pathumba pomwepo. Ndalama zikavuta, sakanizani chimenecho ndi nsima yofewa, dzira lowiritsa, ndi matemba onyika kaye m'madzi kuti mchere uchoke. Pa msinkhu wake adye katatu pa tsiku, akakwana miyezi 6 kawiri. Mbale ikhale pansi mphindi 15, zotsala chotsani. Galu wodya pa nthawi amachitanso chimbudzi pa nthawi. Posintha chakudya sakanizani chakale ndi chatsopano kwa masiku 5 mpaka 7. Msuzi wa pamphika wanu uli ndi anyezi, amene amawononga magazi a galu. Chokoleti ndi mphesa ayi, mafupa a nkhuku ophika ayi, amathetheka n'kubaya matumbo. Poyesa ngati akukhuta, sisitani m'nthiti: zizimveka ku dzanja koma zisamaonekere patali.

Akonzi, kagalu kathu ka miyezi 4 katha nsapato ziwiri za sukulu ndipo kamaluma ana m'manja posewera. Kalinso ndi nkhupakupa m'makutu. Kodi ndingakasambitse ndi dibi wa ng'ombe? (Agogo a ku Dzivaresekwa)

Agogo, kakusintha mano. A ukhanda alipo 28 ndipo amayamba kuguluka cha pa miyezi 4. Pofika miyezi 6 kapena 7 amakhala atamera 42 achikulire. Nkhama zimayabwa, ndiye kutafuna sikungaletsedwe. Nsapato zikwere pamwamba, iko mukapatse chingwe chokhuthala chomanga mfundo, kapena kansalu konyowa kozizira. Nsapato yakutha musakapatse, sikasiyanitsa yakutha ndi yatsopano. Adzukulu auzeni kuti mano akangokhudza khungu, masewera athe pomwepo: aime, apinde manja, ayang'ane kumbali kwa theka la mphindi. Akamakuwa n'kuthawa, iko kamayesa masewera akoma. Dzino likaboola khungu, tsukani balalo ndi sopo pa madzi oyenda kwa mphindi 15, ndipo ngati kagaluko sikanalandire katemera wa chiwewe mwanayo apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Dibi wa ng'ombe musayerekeze. Muyeso wake ndi wa nyama yolemera makilogalamu mazana, ndipo kusakaniza mongoyerekeza kumapha tiagalu. Gulani mankhwala a nkhupakupa opangira agalu, muwerenge msinkhu ndi kulemera zolembedwa pa paketi. Zimene zamamatira kale zuleni ndi kopanira, mutagwira pafupi ndi khungu, kukoka molunjika mosathamanga. Nkhupakupa zimafalitsa malungo amene amaphwanya magazi a galu, otchedwa biliary. Muzikweza mlomo wake kamodzi pa sabata: nkhama zabwino zimakhala zofiirira. Zikayera, galu akafooka, akakana kudya, kapena mkodzo ukada ngati tiyi, thamangani naye kwa dotolo. Panado kapena Brufen wa m'nyumba musamupatse.