Anti, ndiphike mapoto awiri?

FUNSO: Anti ndithandizeni chonde mutu wandiima. Tili ndi ana atatu, ndiye ndikaphika motsata resipi ya pa YouTube bambo akunyumba amati chakudya chozizira mulibe tsabola, pomwe wamng'onoyo akangoona anyezi basi mbale waikankha. Mapeto ake mpunga ndi ndiwo zimatsala, zimakhala mufiriji masiku atatu kenako ndimataya mtima ukuwawa. Kodi ndiyambe kuphika mapoto awiri? Ndine mayi wotopa.

YANKHO: Achemwali, mapoto awiri ayi, mudzangotopa kenako muzitayanso kawiri. Resipi si lamulo, amene analembayo ankaganizira pakamwa pa anthu akwake, osati bambo anuwo ndi kamwanako.

Phikani poto mmodzi yemweyo koma tsabola musaikemo, zikapsa patulani za ana kaye ndiye zotsalazo muthire tsabola muwiritsenso pang'ono, kapena mungowaikira bambowo patebulo adzithirire okha mpaka thukuta. Za anyezi, ana ambiri chimawanyansa si kukoma kwake koma kumumva akutafunika m'kamwa, ndiye m'dulenidule tinthu ting'onoting'ono mumukazinge pamoto wochepa mpaka asungunuke, sadzamuonanso. Musamukalipire mwanayo, ana ena amafunika kulawa chinthu maulendo 10 kapena kuposa kuti achizolowere.

Pa ndiwo ndi supu sinthani mmene mufunira, mulibe karoti ikani kabichi. Koma keke ndi ina, ufa ndi soda muziyeza ndendende apo ayi idzakana kufufuma. Shuga yekha ndiye mutha kuchotsako kota osaononga kanthu. Mchere nawo yambani ndi wochepa, a WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, amati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 patsiku, katiyisupuni kamodzi basi. Ukachuluka onjezerani madzi ndi tomato, zoponyamo mbatata kuti iyamwe mchere zija ine sindiziikira kumbuyo.

Tsopano chandidetsa nkhawa ndi mpunga wa masiku atatuwo. Mumpunga mumakhala kachilombo kotchedwa Bacillus cereus komwe njere zake sizifa ngakhale muwiritse bwanji, ndipo mpunga ukakhala nthawi yaitali mupoto uli wofundafunda kamaswana n'kutulutsa poizoni woti kutenthetsanso sikumuchotsa, munthu amasanza kapena kutsegula m'mimba. Choncho wotsalawo uyaleni m'mbale yotakata uzizire msanga, ulowe mufiriji pasanathe ola limodzi, firijiyo izizizira madigiri 5 kapena kutsika. Mawa lake mudye, mutenthetse kamodzi kokha mpaka utuluke nthunzi. Mukaukazinga ndi mazira awiri ndi timasamba totsala tija ana amaona ngati chakudya chatsopano, mudzandiuza.

Koma vuto lanu lenileni ndikuona ngati mukuphika zambiri, ndipo simuli nokha, lipoti la 2024 la UNEP, nthambi ya United Nations yoona za chilengedwe, linapeza kuti pa chakudya chomwe chinatayidwa m'chaka cha 2022, 60 peresenti chinatayidwa m'makomo momwemu, kuposa m'malesitanti ndi m'mashopu. Kapu imodzi ya mpunga wosaphika ikapsa imakwana pafupifupi makapu atatu, ife timayiwala tikamathira ndi maso. Sankhani kapu imodzi muziyezera yomweyo tsiku lililonse, sabata ino onani zotsala, zikatsala chotsaniko theka la kapu ulendo wotsatira mpaka poto azipita kotsukidwa ali mbee.