Funsani Dokotala: Masamba a foxglove awiritsidwe ngati tiyi wa BP?

Funso: Adokotala, ine ndimagwira ntchito ya m'gadeni ku Borrowdale mu Harare muno, tsono adona agula mbande za maluwa otchedwa foxglove akuti ndidzale mphepete mwa mpanda pomwe pali kamthunzi. Ndimakhala pa yadi pomwepo ndi mwana wazaka zitatu. Komanso amayi anga ku Mufakose ali ndi BP, wina anawauza kuti masamba ake ndi mankhwala a mtima ndiye akuti ndiwathyolereko aziwiritsa ngati tiyi. Nditani?

Yankho: Bambo, za tiyizo musayerekeze n'komwe, awuzeni amayi kuti adokotala akaniza. Amene anawauzayo anangomva mbali imodzi. N'zoona kuti mankhwala a mtima otchedwa digoxin amachokera ku mtundu wina wa foxglove, ndipo dokotala wa ku England, William Withering, analemba za mphamvu ya chomerachi mu 1785, koma piritsi la kuchipatala limakhala loyezedwa bwinobwino ndipo ngakhale ife timalipereka mosamala chifukwa mlingo wochiza ndi mlingo wopha zayandikana kwambiri, nanga mumphika mungayeze bwanji? Kuyanika kapena kuwiritsa sikuchotsa poizoni wake. Ndiponso si mankhwala a BP, amathandiza mtima wofooka kapena wogunda mosalongosoka. Amayi apitirize mapiritsi awo a kukiliniki.

Kudzala dzalani, ntchito isakuthereni. Kukhudza chabe sikupha munthu, ngakhale ena khungu limawayabwa, ndiye valani magolovesi ndipo musambe m'manja musanagwire nsima. Vuto ndi kudya. Masamba, maluwa, njere, mizu, zonse zili ndi poizoni, ngakhale madzi amene adona aikamo maluwa odula asamwe galu kapena mphaka.

Ine chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi chaka choyamba. Nthawi imeneyo chomerachi sichichita maluwa, chimangokhala masamba aakulu aubweya pansi, ndipo anthu amachisokoneza ndi comfrey, chomera china cha masamba ofanana nawo, wina atha kuthyola poyesa ndiwo. Chaka chachiwiri m'pomwe chimatulutsa tsinde lalitali la maluwa ngati timabelu, ana amakonda kulowetsamo tizala kenako pakamwa. Ndiye chidzaleni kutali ndi dimba la repu ndi pomwe mwana amasewera, zodulira musazipatse akalulu kapena nkhuku.

Mwana akadya chomerachi, zimayamba ndi nseru, kusanza ndi kutsegula m'mimba, kenako kufooka, kusokonezeka mutu, ena amaona zinthu ngati zachikasu, mtima n'kumagunda pang'onopang'ono kapena modumphadumpha. Zimatha kuchedwa maola angapo ndiye musadikire zizindikiro, musamusanzitse ndi chala kapena madzi amchere, ndipo mkaka suthandiza. Thamangani naye ku Parirenyatwa kapena chipatala chomwe chili pafupi, mutenge tsamba lakelo, akamuyeza mtima ndi ECG komanso magazi.

Ngati pa yadipo pali oleander, ija yamaluwa apinki yomwe ili mbwee m'mayadi a mu Harare muno, nayonso poizoni wake ndi wamtundu womwewo, mwanayo asayiyandikire.