Ndikulephera kusankha ngakhale zinthu zazing'ono: kodi mutu wanga uli bwino?

FUNSO

Alangizi,

Ndine mayi wa zaka 36, ndili ndi ana atatu ndipo ndimagulitsa mbatatesi ndi kabichi pa msika wa Lizulu ku Ntcheu. Vuto langa ndi lakuti ndikulephera kumanga mfundo pa chinthu chilichonse. Titagawana ndalama ku banki m'khonde ndinafuna kubwereka dimba, kenaka ndinaganiza zooda matumba a mbatatesi kuti ndikagulitse ku Lilongwe, ndipo ndinakhala ndikusinthasintha maganizo mpaka ndalamazo zinathera m'zinthu zapakhomo. Masiku ano ngakhale kusankha ndiwo zoti ndiphike kapena chitenje choti ndivale kumandigwiritsa njakata, ndipo ndikasankha ndimayambanso kudandaula kuti ndalakwitsa. Ndimafunsa nzeru kwa aliyense, koma mayankho akachuluka mutu umangoima. Usiku ndimadzidzimuka tambala asanalire ndipo tulo sitibweranso. Kale sindinali chonchi. Zinayamba mayi anga atamwalira chaka chatha. Bambo a kunyumba amati ndi ulesi, apongozi amandiponyera mwambi wakuti mapanga awiri avumbwitsa, ndipo mnzanga wina akuti mwina andilodza. Kodi ndikuyamba misala?

Mayi wodandaula, Lizulu

YANKHO

Mayi,

Pepani chifukwa cha imfa ya mayi anu. Zimene mwafotokozazi sizikuonetsa kuti mukuyamba misala, ndiponso si ulesi, pakuti munthu waulesi sataya tulo chifukwa choganizira za dimba ndi geni. Mawu amene ndawagwira kwambiri m'kalata yanu ndi akuti kale simunali chonchi. Alipo anthu amene chibadwire amachedwa kusankha, ndipo amenewo amangofunika kuphunzira njira zowathandiza. Koma mayi amene ankaoda katundu, kunenerera mtengo ndi kubweza chenji mosakayika akayamba kuima nthawi yaitali pakati pa nyemba ndi usipa, tiyenera kufunsa chimene chasintha m'thupi ndi m'maganizo mwake.

Kulephera kusankha ndi chimodzi mwa zizindikiro zimene madokotala amayang'ana akamayeza matenda a kukhumudwa. Zina ndi kukhala wachisoni pafupifupi tsiku lonse, kusasangalalanso ndi zinthu zimene munkazikonda, kufooka, kusowa tulo kapena kugona mopitirira muyeso, kusintha kwa chilakolako cha chakudya, kudziona wopanda pake ndi kudziimba mlandu, komanso kuganiza za imfa. Zizindikiro zingapo zoterezi zikakhalapo pafupifupi tsiku lililonse kwa milungu iwiri kapena kuposerapo, nʼkumasokoneza ntchito ndi moyo wapakhomo, azaumoyo amati munthuyo afunika chithandizo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linati anthu pafupifupi 280 miliyoni anali ndi matendawa mu 2019, ndipo amayi ndiwo amagwidwa kwambiri kuposa abambo. Chisoni cha maliro si matenda, koma chikhoza kutsegula khomo la matendawa, makamaka ngati womwalirayo ndiye amene munkatsamira pa zinthu zambiri. Ndikuganiza kuti mwina mayi anu ndiwo amene munkayamba kuwauza mukafuna kuchita kanthu, ndipo tsopano palibe mawu a munthu wina amene akukukhazikani mtima pansi monga ankachitira iwo.

Nkhawa nayo imachita zomwezo, koma mwa njira ina. Munthu wokhumudwa amaona kuti njira zonse nʼzopanda phindu, pomwe munthu wankhawa amaona ngozi pa njira iliyonse, ndipo amadikira kuti mtima utsimikize kaye asanasunthe phazi. Kutsimikiza kumeneko sikubwera, chifukwa palibe mlimi wa ku Tsangano kapena ku Bembeke amene amadzala akudziwiratu mtengo wa mbatatesi pa nthawi yokolola. Kufunsa aliyense kumapepuza mtima kwa kanthawi kochepa, koma kumaphunzitsa maganizo anu kuti simungathe kusankha nokha, choncho mawa mumafunsanso anthu ochuluka kuposa lero. Nthawi zambiri kukhumudwa ndi nkhawa zimayendera limodzi, ndipo kusowa tulo kumawonjezera zonse ziwiri.

Sindingakuyezeni kudzera m'kalata, motero pempho langa loyamba ndi lakuti mupite kuchipatala. Mukhoza kuyambira pa chipatala chaching'ono cha kwanuko kapena kupita ku chipatala chachikulu cha boma ku Ntcheu kapena ku Dedza, nʼkupempha kuonana ndi namwino kapena dokotala woona za matenda a maganizo. Anthu ambiri amaopa kuti akangotchula za maganizo atumizidwa ku Zomba Mental Hospital, koma odwala kukhumudwa ndi nkhawa ochuluka amathandizidwa akuchokera kunyumba, geni yawo ikuyenda. Mukafika musangonena kuti mutu ukupweteka kapena thupi likuphwanya, monga ambiri amachitira, chifukwa mungabwerere ndi panado yekha. Fotokozani za tulo, za maliro, za kulephera kusankha ndi nthawi imene zinayamba. Pemphaninso kuti akuyezeni magazi, popeza kuchepa kwa magazi ndi matenda a chithokomiro zimafooketsa thupi ndi kusokoneza kuganiza. Akakupatsani mankhwala monga amitriptyline kapena fluoxetine, dziwani kuti amatenga milungu ingapo kuti ayambe kugwira ntchito, ndipo sayenera kusiyidwa mwadzidzidzi popanda kufunsa amene anakulemberani. Ngati maganizo ofuna kudzipha anakufikiranipo, uzani munthu amene mumamukhulupirira ndipo mupite kuchipatala tsiku lomwelo.

Chithandizo si mapiritsi okha. Ku Zimbabwe, Dr Dixon Chibanda anayambitsa ntchito yotchedwa Friendship Bench, imene agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pa benchi ndi munthu wovutika maganizo nʼkumuthandiza kutchula mavuto ake, kusankhapo limodzi lokha, ndi kugwirizana za chinthu chimodzi choti akachite asanakumanenso. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2016 anaonetsa kuti anthu othandizidwa mwa njira imeneyi anapeza bwino kuposa amene analandira chithandizo cha masiku onse. Njirayi mukhoza kuiyesa ndi munthu mmodzi wodekha, kaya ndi mchemwali wanu kapena mayi wa kumpingo, ndipo ndikutsindika kuti akhale mmodzi, osati msika wonse.

Yambani ndi zinthu zazing'ono, zimene ngakhale mutalakwitsa simutaya kanthu. Chitenje cha mawa chisankheni madzulo, muchiike pampando, ndipo kukacha muvale chomwecho ngakhale mtima ukane. Ndiwo za mlungu wonse zikonzeni pa tsiku limodzi kuti funsolo lisamabwere m'mawa uliwonse. Mtima udzavutika poyamba, koma mukapirira osasintha mudzaona kuti kuvutikako kumatsika kokha, ndipo pobwereza zimenezi mudzayamba kudzikhulupiriranso.

Pa zinthu zikuluzikulu monga ndalama za ku banki m'khonde, ndikubwerekeni nzeru ya katswiri wina wa ku America, Herbert Simon, amene analandira mphoto ya Nobel pa zachuma mu 1978. Iye anaonetsa kuti munthu alibe nthawi kapena chidziwitso chokwanira kuti apeze njira yoposa zonse, choncho chanzeru ndi kudziikira zofunika zochepa nʼkutenga njira yoyamba imene yazikwaniritsa. Kwa inu zofunikazo zikhoza kukhala zitatu: mpamba usathe wonse zinthu zikavuta, phindu libwere nthawi ya fizi isanakwane, ndipo ntchitoyo isakutalikitseni ndi ana kwa masiku ambiri. Zilembeni papepala, musiye njira ziwiri zokha, mudziikire tsiku lomaliza, mwachitsanzo tsiku la msika likudzali, ndipo likafika musankhe. Ngati mantha akadalipo, yesani ndi matumba awiri m'malo mwa khumi. Komabe, zinthu zosabwezeka monga kugulitsa munda kapena kutenga ngongole yaikulu muziimike kaye mpaka mutayamba kupeza bwino, chifukwa munthu wokhumudwa amaona zinthu moipa kuposa mmene zilili.

Za kulodzedwa, ndikupemphani kuti musataye ndalama ndi nthawi poyendayenda, popeza zonse mwatchulazi nʼzodziwika kuchipatala ndipo zili ndi chithandizo. Mwambi wa apongozi ndi woona, koma kuubwereza kwa munthu amene akudziimba kale mlandu kumangomuwonjezera mantha olakwitsa. Ngati nʼkotheka, awerengereni bambo a kunyumba yankho ili, ndipo muwapemphe kuti akuperekezeni kuchipatala kuti akamve okha kuchokera kwa azaumoyo. Muwapemphenso kuti asamakusankhireni zinthu zonse pofuna kukupepuzani, koma mukasankha kanthu azikulimbikitsani kuti mukhale pa chimene mwasankhacho mpaka muone zotsatira zake.