Pulogalamu ikuti analipira komaliza mu Januwale, koma analipira mu Malichi

Funso: Ndimagulitsa katundu pangongole, ndipo ndimalemba mu Excel tsiku ndi nthawi ya malonda aliwonse. Mwana wanga anandilembera kapulogalamu ka Python koti kazindiuza tsiku limene kasitomala anatenga katundu koyamba ndi limene analipira komaliza. Kwa munthu wina kakunena 31/01/2024, pomwe analipira pa 15/03/2024. Ndigule pulogalamu ina?

Yankho: Mayi, musagule kanthu. Masiku anu alembedwa ngati mawu, ndipo kompyuta ikamayerekeza mawu imayang'ana chilembo choyamba. "31/01/2024" ikuyamba ndi 3, "15/03/2024" ikuyamba ndi 1, ndiye Januwale akuoneka ngati wapambuyo. Mukaona lipoti lotere kumapeto kwa Malichi mudzati munthuyu watha miyezi iwiri osalipira, chonsecho ndi masabata awiri okha, n'kukangana ndi kasitomala wabwino popanda chifukwa.

Yesani izi lero. Pambali pa tsiku lembani =ISNUMBER(A2), pomwe A2 ndi kabokosi kamene muli tsikulo. Excel amasunga tsiku lenileni ngati nambala: 1 Januwale 2024 ndi 45292, ndipo 12 koloko masana a tsikulo ndi 45292.5. Ikayankha FALSE, amenewo ndi mawu, ndipo MIN ndi MAX, zopezera tsiku loyamba ndi lomaliza, amangowadumpha osakuchenjezani. Sankhani mzere wonse wa masiku, pitani pa Data, Text to Columns, musankhe Date ndi DMY. Kenako MINIFS ndi MAXIFS, zomwe zilipo kuyambira mu Excel 2019, zikupatsani tsiku loyamba ndi lomaliza la munthu aliyense.

Mwanayo akonze mzere umodzi: asanatenge min ndi max, asinthe masiku ndi pd.to_datetime, atchule format="%d/%m/%Y %H:%M". Akaika errors="coerce", masiku osawerengeka amasanduka NaT, kutanthauza kuti palibe tsiku, n'kudumphidwa mwakachetechete, choncho awawerenge kuti alipo angati, muwakonze pamanja.

Koma nkhani yanga yaikulu ndi kaundula wanu. Ndikukayikira kuti lero mumalemba inu, mawa wothandiza, aliyense mwa njira yake. 03/04/2024 ndi 3 Epulo kapena 4 Malichi? Palibe pulogalamu yodziwa zimene wolembayo ankaganiza. Kuyambira pano aliyense azilemba chaka, mwezi, kenako tsiku, motere 2024-03-15, monga mwa ISO 8601, muyezo wa padziko lonse wolembera masiku, ndipo mwanayo asinthenso format ija kuti igwirizane nazo. Kalembedwe aka kamayalana bwino ngakhale kompyuta ikatenge ngati mawu. Dzina nalonso likhale limodzi. Kasitomala wolembedwa m'njira ziwiri amatuluka anthu awiri, aliyense ndi masiku ake. Mupatseni nambala.

Ndipo onani ngati muli ndi danga losonyeza kuti mzere uno ndi "watenga" kapena "walipira". Ngati mulibe, max akupatsani tsiku limene munthuyo anabwera komaliza, osati limene anabweretsa ndalama. Amene watenga katundu wina dzulo, ngongole yake ya masiku 90 ikadalipo, aoneka ngati walipira dzulo, ndipo inu mumupatsanso wina.