Mukafika ku Ireland, kadyeni masana mu pub

Mayi wina wa ku Lilongwe wandilembera imelo. Iwo ndi amuna awo akupita kutchuthi ku Ireland kwa masiku 10, kukaona mwana wawo amene akuphunzira ku Dublin. Akufunsa kuti akadye kuti chakudya chenicheni cha kumeneko, osati mabaga, komanso osamaliza ndalama m'thumba.

Zikomo mayi polemba. Chakudya cha anthu a ku Ireland ndi cha pakhomo, cha alimi, ndipo mwini mbale ndi mbatata ya kachewere, ija kwathu timangoti airishi. Kwa iwo ili ngati nsima kwa ife. Itagwidwa matenda mu 1845, njala inapha anthu pafupifupi 1 miliyoni m'zaka zochepa, ena ambirimbiri n'kuthawa m'dziko. Mukaona mbatata yophikidwa mitundu iwiri pa mbale imodzi musadabwe.

Chakudya chotere sichikoma m'malesitilanti onyezimira. Chimakoma mu pub, bala ya kumeneko yogulitsanso chakudya. Ndikudziwa kuti kwathu mayi wodzilemekeza salowa m'bala, koma chonde musaope. Masana mu pub mumadzaza agogo, antchito, ngakhale makolo ndi ana awo, ndipo palibe amene angakudabweni mukaitanitsa tiyi. Ma pub ambiri amakhala ndi carvery: mumaima pamzere, wophika n'kukudulirani nyama yootcha muli pomwepo, n'kuthirapo mbatata, kabichi, karoti ndi msuzi. Mukadya apo simumvanso njala mpaka usiku. Musazengereze madzulo, chifukwa makhitchini ambiri amatseka cha m'ma 9 koloko.

Ngati pali Irish stew, yambani ndi imeneyo. Imabwera m'mbale yakuya ikufuka nthunzi, nyama ya nkhosa itafewa moti supuni yokha imaidula, mbatata itasungunukira mu msuzi pamodzi ndi anyezi. Pambali amaika buledi wa bulawuni wofufumitsa ndi soda. Mupake batala wambiri, munyike mu msuziwo. Ine ndinadya koyamba tsiku la mvula, zala zitauma ndi chisanu, ndipo ndinakumbuka nyama ya mbuzi ya pa Khirisimasi kumudzi. Ku Dublin kulinso coddle, masoseji ndi nyama ya nkhumba zowiritsidwa ndi mbatata. Maonekedwe ake ndi otuwa, koma ilaweni.

Ku Temple Bar, dera la ma pub pakati pa mzinda wa Dublin, pitani mukamvere nyimbo, koma musadyeko, mitengo yake ndi ya alendo. Njira imene sinandigwiritsepo mwala ndi kufunsa dalaivala wa basi kapena mwini nyumba imene mukugona kuti, "Inuyo Lamlungu mumakadya kuti ndi banja lanu?" Mukangofunsa malo abwino, adzakulozerani kumene alendo amapita.

Tsiku lina kwerani sitima ya DART kupita ku Howth, kudoko la asodzi, ulendo wa theka la ola. Kumeneko itanitsani chowder, supu wa nsomba wophika ndi kirimu. Nthawi ikalola tsikirani ku Cork, mzinda wa kummwera kwa dzikolo, kumsika wa English Market umene wakhalapo kuyambira 1788. Kumeneko n'kumene bambo akasangalale: amagulitsa chifu cha ng'ombe, drisheen yopangidwa ndi magazi, ndi crubeens, mang'ina a nkhumba. Zimene timadya kwathu iwonso amadya.

Mukafuna kudya kulesitilanti madzulo, funsani za early bird, mtengo wotsika kwa ofika cha m'ma 5 kapena 6 koloko. Madzi a pampopi ndi abwino ndipo salipiritsa. Mukakhutira ndi amene wakutumikirani, mumusiyire 10 peresenti.

Chakudya chawo sichikhala ndi tsabola, choncho musaiwale kabotolo ka Nali m'chikwama. Ndipo nsima ikadzakuvutani tsiku lachisanu, uzani mwana wanu akuperekezeni ku Moore Street, kumasitolo a anthu a ku Africa, mukagule ufa mukaphike kunyumba kwake.